Ndinawamana Dzuwa Amayi

Amayi anga anali oyanika nsomba. Analibe bwato, analibe khoka, koma anali ndi matandala atatu a bango oyanikapo nsomba pagombe la mudzi wathu, kufupi ndi Makokola. Asodzi akatsitsa usipa m'mawa, iwo ankagula wawo n'kuuyala, kuutembenuza ndi kuingitsa akhwangwala mpaka utauma. Mikono yawo inali yakuda bii, khungu lolimba, ndipo fungo la nsomba silinkachoka ngakhale asambe ndi sopo wanji. Ine ndinakula ndikudana nayo ntchito imeneyo. Ana a aphunzitsi ankatseka mphuno ndikalowa m'kalasi, ndipo ndinalumbira mumtima kuti tsiku limene ndidzalandire malipiro anga, amayi sadzaimanso padzuwa.

Ntchito ndinaipeza kuhotela, yochapa ndi kusita nsalu za pabedi. Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku kapena diresi yoonetsa maondo, koma lamuloli linkathera pachipata cha hotela. Mkatimo azungu ankagona pamchenga atavala tinsalu tosakwana n'komwe kusefera mowa, n'kumadzitembenuza okha ngati nsomba pa thandala. Ife ochapa tinkabisala kuseri kwa nsalu zoyanika n'kumaseka mpaka nthiti kuwawa. Munthu kukwera ndege ulendo wonsewo kudzangopsa! Ine ndi amene ndinkaseka kwambiri, chifukwa pakamwa panga sipanakhalepo ndi chitseko.

Abambo atamwalira, amayi analowa eda. Kwa ife Asilamu, mkazi wamasiye amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzikongoletsa, osapita kuukwati kapena kumsika. Ashehe a m'mudzi mwathu ananena momveka kuti kukhala pabwalo sikoletsedwa, koma amayi sankadziwa kuchita chinthu mwatheka. Anadzitsekera kuchipinda, ndipo ankatuluka mbandakucha wokha kukasamba.

Ine ndinaona kuti mwayi wanga wafika. Mwamuna wanga ankagwira ntchito m'minda ya fodya ku Namwera n'kumabwera mwezi ukatha, ndipo tinathandizana kuchotsa udzu padenga n'kuika malata. Pansi tinazira simenti. Tinamanga bafa ya njerwa yofolera, khomo lake loyang'anizana ndi chipinda cha amayi, kuti asamapondenso dothi. Kuhotela anali atasintha makatani, ndipo akale aja, obiriwira, olemera ngati bulangete, anatigawira antchito. Ndinawapachika pazenera la amayi. Chipindacho chinkakhala chozizira ndi chamdima ngakhale mu Okutobala, ndipo ndinkaitana anthu dala kuti adzaone.

Eda itatha, tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinawapeza amayi kugombe. Matandala awo ndinali nditagawa kale, ndiye anaima pa thandala la mnzawo, akutembenuza usipa wa eni ake, akuseka. Ndinali ndisanawaone akuseka chimwalirire abambo. Zimenezo ndikuzikumbukira lero, koma tsiku limenelo ndinangoona manyazi anga. Ndinawalankhula pamaso pa amayi onse a pagombe.

“Mukufuna anthu azinena kuti mwana wanu wa kuhotela akulephera kukudyetsani? Nyumba ija ndamangira ndani?”

Amayi anapukuta manja pachitenje, anatsanzika anzawo, n'kunditsata pambuyo. Kuyambira tsiku limenelo sanapitenso kugombe. Poyamba ankakhala pakhonde madzulo, koma odutsa ankawaitana kuti akawathandize nsomba, ndipo kukana kunkawavuta, choncho anabwerera kuchipinda.

Ndinawasamala ndi mtima wonse, zimenezo palibe angandilande. Madzi ndinkawatungira, zovala ndinkawachapira n'kuzisita ngati za bwana. Usipa ndinauchotsa m'mbale yawo, ndinkati ndi ndiwo za amphawi, komanso mano awo anali atayamba kutha. M'malo mwake ndinkabwera ndi buledi, masikono, tiyi wa shuga wambiri ndi mpunga woyera. Chaka chilichonse ndinkawagulira khadi la chipani poopa oyendera makadi, ngakhale khadilo silinaonepo chipata cha msika. Anthu ankandiyamikira kuti mwana wotere ndi wosowa, ndipo ine ndinkayenda ngati sindikuponda pansi.

Patapita zaka ngati zitatu anayamba kudandaula chiuno. Kenako msana, kenako nthiti, moti akatsokomola ankagwira pachifuwa. Poyenda kupita kubafa ankapendamira uku ndi uku ngati bakha. Akakhala pamkeka, kudzuka kwake kunali kugwada kaye, kugwira khoma, n'kukwera pang'onopang'ono. Sanali okalamba kwenikweni. Anzawo a msinkhu umodzi ankasenzabe madengu a nsomba kupita nawo kumsewu.

Chimene chinawapweteka koposa chinali swala. Pemphero lathu limafuna thupi lonse: kuima, kuwerama, kugunditsa chipumi pansi, kudzukanso, kasanu pa tsiku. Amayi anayamba kuima atatsamira khoma. Kenako kuimako kunakanika, ankapemphera atakhala, miyendo atatambasula. Ashehe anabwera kudzawalimbikitsa kuti Mulungu amalandira swala ya wodwala ngakhale atagona chogona. Amayi anavomera mwaulemu, koma ashehe atatuluka ndinawapeza akulira mwakachetechete. Anandiuza kuti sapempha moyo wautali, sapempha kuti ululu uthe, angofuna kuimanso pamaso pa Mulungu ndi miyendo yawo. Ndinachita mantha tsiku limenelo, pakuti amayi sanali munthu wolira.

Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anati ndi nyamakazi, ndipo anabwera ndi munthu wodziwa mphini amene anawatema m'chiuno ndi m'maondo. Sizinathandize. Kenako anandinong'oneza kuti mwina ndi anthu ansanje, malata aja awawawa m'maso. Ndivomereze kuti maganizo amenewa anandikomera. Kumva kuti anthu akukuchitira nsanje kumatsekemera, ngakhale mayi ako ali gone. Ndinagula mapiritsi a mutu kugolosale, ndipo ndinawonjezera chimene ndinkadziwa, ndiko kuwapumitsa. Ndinayamba kuwasambitsira m'chipinda momwemo kuti asavutikenso n'kuyenda.

Amene ananditsina khutu ndi mnzanga wina wosita naye, Mkhristu wa ku tsidya la kum'mawa. Anati ndisataye nthawi, ndipite nawo kuchipatala cha mishoni kwawoko, kuli namwino wina wamkulu amene amadziwa matenda a amayi achikulire. Ndinapempha dalaivala wa lole ya kuhotela imene inkakatenga katundu ku boma, ndipo anatikweza mpaka ku Mangochi, amayi atagona pa matiresi kumbuyo. Kuchoka apo tinapeza galimoto ina. Msewu unali wa mabampu, ndipo bampu lililonse amayi ankaluma chitenje kuti asabuule pamaso pa anthu.

Namwinoyo anali mayi wa imvi, wamfupi, kamtanda kali pakhosi. Anawapatsa moni amayi m'Chiyao chenicheni, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka. Anawadina ndi chala pafupa la mwendo, amayi n'kudzidzimuka ndi ululu. Anawadinanso pachifuwa, chimodzimodzi. Anawapempha kuti adzuke pampando osagwira kanthu, ndipo analephera. Kenako anawafunsa kuti anasiya liti kusamba kwa mwezi. Amayi anandiyang'ana ine, pakuti si nkhani yokamba mwana ali pompo, ndipo ndinatembenukira kuzenera. Ndinamva akunong'ona kuti papita zaka, abambo asanamwalire.

Ndiye namwino anapinda dzanja la malaya a amayi mpaka paphewa. Ndinkawasambitsa tsiku ndi tsiku, koma m'chipinda chamdima chija ndinali ndisanauone bwino mkonowo. Unali wotumbuluka, wofewa, wowonda, osati wa amayi amene anandilera.

“Mkono uwu unaliona liti dzuwa?” anafunsa.

Ndinayankha ndine, ndipo ndinayankha monyadira. Ndinafotokoza za matandala, za malata, za makatani, za bafa yofolera, za buledi. Ndinati chiyambireni ntchito, amayi anga sanapsenso ndi dzuwa ngakhale tsiku limodzi. Ndinkadikira kuti andiyamikire monga ankachitira ena onse.

Sanandikalipire. Anandikhazika pabenchi n'kundifotokozera pang'onopang'ono. Anati mkazi akasiya kusamba, mafupa ake amayamba kuchepa mphamvu, zimenezo n'za tonse. Koma pali vitamini wina, amamutcha D, amene amathandiza kuti chakudya chilimbitse mafupa, ndipo thupi limamupanga lokha khungu likaombedwa ndi dzuwa. Wina amachokera m'nsomba zamafuta, ndipo minga ya tinsomba todyera kumodzi ndi mitu yomwe ndi chakudya cha mafupa. Akasowa vitaminiyu kwa nthawi yaitali, mafupa amafewa, minofu ya m'ntchafu imafooka, munthu amayenda ngati mmene ankayendera amayi. Anati kuno si matenda ofala, iye anangowaonapo kwa amayi ochepa amene anakhalitsa m'nyumba.

Ine ndi pakamwa panga paja, ndinatsutsa. Ndinati zimenezo n'za kwa azungu kumene kulibe dzuwa. Kuno ku Mangochi limasungunula phula pamsewu, munthu angalisowe bwanji?

“Liripo, achemwali,” anatero, “koma siliboola malata.”

Kenako adokotala atawaona amayi anavomerezana ndi namwinoyo. Anatipatsa botolo lofiirira la mafuta a chiwindi cha nsomba za kunyanja ya mchere, supuni imodzi pa tsiku, ndi mapiritsi oyera okhala ngati choko. Anati amayi azikhala padzuwa la m'mawa, mikono ndi miyendo ili pamtunda, azidya usipa, ndipo aziyesa kuyenda ngakhale zikuwawa. Anatichenjeza kuti zitenga miyezi, ndipo msana umene wapindika sudzawongokanso wonse. Ulendo wonse wobwerera amayi ndi amene ankandifunsa ngati ndadya.

Kunyumba tinagwira njakata. Mayi wachisilamu, wamasiye, wa msinkhu wawo, akhale pabwalo ntchafu zili pamtunda, amuna akudutsa popita kugombe? Amayi anati bola kufa. Kale pa thandala ankangopinda manja a malaya ndipo palibe ankaona chachilendo, chifukwa inali ntchito. Koma kukhala chabe n'kudziyanika, ayi. Ndinaganiza masiku awiri, mpaka ndinakumbukira bafa yathu yakale kuseri kwa nyumba, ya mpanda wa udzu, yopanda denga. Chimangireni ya njerwa ija tinali titaisiyira nkhuku. Ndinasesa zitosi, ndinasoka udzu watsopano m'mipata, ndinaika mpando wa ndalema ndi mwala wopondapo. Kuntchito ndinapempha kuti ndizilowa masana, ndizisita m'malo mochapa, ndipo anandilola.

Tsiku loyamba ndinawabereka kumsana. Anali opepuka moti mtima unandiwawa. Nditawakhazika pampando anatseka maso ndi manja onse awiri, misozi ikutuluka chifukwa cha kuwala. Ndinawapinda chitenje mpaka m'maondo, ndinawavula mpango wa m'mapewa, ndipo ndinaima pakhomo la bafa ngati mlonda. Patapita kanthawi anachotsa manja kumaso. Anayang'ana kumwamba, kunali mphamba ikuzungulira, ndipo anati mwera uyamba posachedwa, asodzi akonzekere. Zaka zonse zija anali asanaone mtambo, koma sanaiwale kuuwerenga.

Mafuta a m'botolo aja anali nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Amayi ankadziwa nsomba iliyonse ya m'nyanja yathu ndi fungo lokha, ndipo iyi anaikana kuti si nsomba. Anati ngati kunyanja ya mchereko nsomba zake n'zotere, n'chifukwa chake azungu eni akewo amathawira kuno. Ankafuna kudziwa kuti anaipha ndani, anaisunga masiku angati, ndipo chifukwa chiyani munthu wanzeru angataye mnofu n'kusunga chiwindi. Koma ankamwa. Ankatsina mphuno, kutchula dzina la Mulungu, kumeza, kenako kunyambita ndimu ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa.

Chovuta kwa ine chinali usipa. Kuti ndiupeze wabwino ndinayenera kupita kugombe, kwa amayi omwe aja amene anandimva ndikukalipa. Ndinapita maso ali pansi. Ndinkayembekezera mawu, ndipo akanakhala ine ndikanawanena. Mnzawo wa amayi uja, mwini thandala, anangondifunsa mmene agonera odwala. Nditamufotokozera zimene ananena kuchipatala anayamba kusankha usipa ndi zala, umodziumodzi, wonona wokhawokha. Anandiuza kuti ndikausinje ndi mitu yomwe n'kuthira m'phala, popeza mano kulibe. Ananenanso kuti ndisamavutike kubwera, azindibweretsera yekha. Anayamba kubweradi, ndipo ankalowa m'bafa muja n'kukhala pamwala, awiriwo n'kumakamba za mitengo ya nsomba ndi za amene wakwatiwa. Ine ndinkamvera kunja kwa mpanda.

Mwezi woyamba sindinaone kusintha, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya mtima. Mwezi wachiwiri anasiya kugwira pachifuwa akamatsokomola. Kenako anakana kuberekedwa, anati ndiwapezere ndodo, ndipo ankayenda okha kuchoka pakhomo kufika kubafa, ine ndili pambali manja ali m'mwamba ngati wogwira nkhuku. Khungu linayamba kuda. Tinabwerera kuchipatala kawiri kukatenga botolo lina, ndipo namwino uja ankawadina pamwendo n'kugwedeza mutu mokhutira. Kuhotela anzanga anadabwa kuti ndasiya kuseka azungu. Ndinawauza kuti simbi yandichulukira.

Koma swala ankapempherabe atakhala. Sankaitchula nkhaniyo, inenso sindinkaitchula, ngakhale tonse tinkaiganiza kasanu pa tsiku.

M'mawa wina, mvula itatha, ndinkawadzola mafuta m'miyendo m'bafa muja. Ndinali nditasunga mawu miyezi yonseyo, ndipo anangotuluka okha. Ndinawapempha kuti andikhululukire. Ndinati ndine ndinawadwalitsa, ndi matama anga, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake sananditsutse, iwo amene ankakalipira asodzi akuluakulu pagombe mpaka kutsitsa mtengo.

Anayang'ana zala za kumapazi kwawo.

“Ndinkadziwa kuti m'chipinda muja simukundiyanja,” anatero. “Miyendo inandiuza chaka choyamba chomwe.”

Ndinawafunsa kuti nanga anakhaliranji.

“Mwanangu, unali usanapatsepo munthu chinthu chachikulu. Ndinkakuona mmene unkatsegulira chitseko kuonetsa alendo. Ndikanakubwezera bwanji?”

Ndinalira mutu uli pamaondo awo, manja anga ali mafuta okhaokha. Nthawi yonse ija ndinkaganiza kuti ndine ndikusunga amayi, osadziwa kuti iwo ndi amene ankandisunga ine, ndipo ankalipira ndi mafupa awo. Sanandisisite kapena kunditonthoza. Anangoti ndipukute mamina, ndichedwa kuntchito.

Tsiku limenelo sindinapite kuntchito. Nthawi ya swala ya masana itakwana ndinawathandiza kutawasa, kusamba kokonzekera pemphero, ndinayala mkeka wopempherera m'chipinda, makatani aja nditawachotsa kalekale, ndipo ndinawakhazika pansi monga mwa masiku onse. Anayang'ana mkekawo, kenako anakankhira ndodo kutali. Ndinazindikira chimene akufuna, ndipo ndinathamanga kuti ndiwagwire m'khwapa.

“Khala pansi,” anatero.

Ndinati angogwira dzanja langa lokha, kamodzi kokha.

“Ndati khala pansi. Izi usandipatse.”

Ndinakhala pasimenti pafupi ndi chitseko. Amayi anagwada. Anaponda phazi limodzi, anaika manja onse pabondo, anakankha, n'kubwerera pansi. Anapuma. Thukuta linatuluka pachipumi. Anayesanso, ntchafu zikunjenjemera moti chitenje chinkagwedezeka, ndipo thupi langa lonse linkafuna kudumpha. Ndinadziwa kuti manja angawa sangandimvere, choncho ndinawaika pansi n'kuwakhalira.

Kachitatu anadzuka. Sanawongoke bwino, msana unali wopindika, ndipo anali afupi kusiyana ndi mmene ndinkawadziwira. Koma sanagwire khoma. Anaima mpaka mpweya utabwerera, anakweza manja kufika m'makutu, ndipo anayamba pemphero ndi mawu aang'ono, onjenjemera. Swala ya masana ili ndi zigawo zinayi, ndipo kuchokera pansi anayenera kudzukanso katatu. Kudzuka kulikonse kunatenga nthawi yaitali kuposa kwam'mbuyo. Manja anga anachita dzanzi, koma sindinawachotse mpaka amayi atamaliza.